Ndalama za chisamaliro cha mwana amaziwerengera bwanji makolo akalekana?

Make Tadala
Moni nonse m'gulu muno. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Banja lathu linatha ndipo ana awiri ali ndi ine, wamkulu ali kusekondale, wamng'ono kupulayimale. Za kumene ana azikhala sitinakangane ayi, pavuta ndi pa ndalama. Bambo awo akuti azitumiza zimene zapezeka mwezi umenewo, pomwe ine ndikufuna chiwerengero chodziwika kuti ndizitha kulinganiza za fizi ndi lendi. Ndikatchula changa akuti ndachulutsa, akatchula chawo sichifika ndi pakati pa mwezi pomwe. Inu amene munadutsamo, kapena mumadziwa malamulo, ndalama zimenezi amaziwerengera bwanji? Pali mulingo, kapena woweruza amangotchula zimene zamubwerera m'mutu?

Nangozo
Pepani Make Tadala ndi zimene mukudutsamozi. Ine ndinagwirapo ntchito yothandiza anthu kulemba zikalata za milandu ya mabanja, ndiye ndiyankhe monga mmene ndinkaonera. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma mafunso ake amakhala omwewo pafupifupi kulikonse. Mwanayu amafunika ndalama zingati pamwezi kuti akhale moyo woyenera? Makolo ake amapeza zingati, onse awiritu, osati bambo okha? Ndiye pali lina limene ambiri amaliiwala: mwanayo amagona masiku angati kwa uyu, angati kwa uyo?

Kusiyana kwagona pa njira yopezera yankho. Mayiko ena anakonzeratu masamu ake, mumangolowetsa malipiro ndi chiwerengero cha ana, yankho n'kutuluka. Ena amasiyira woweruza kuti aone mapepala a mbali zonse ziwiri n'kugamula chimene chili choyenera. Koma ngakhale kumeneko woweruza satchula za m'mutu, amatsamira pa zimene mwamuonetsa. Wobwera ndi mapepala amamveka kuposa wobwera ndi misozi yokha, ngakhale misoziyo ili ndi chifukwa chake.

Achimwene a ku Britain
Kuno ku Britain masamu ake ndi olembedwa, aliyense atha kuwerengera yekha. Ofesi yake ndi Child Maintenance Service, ndipo malipiro a munthu amawatenga kubungwe la misonkho, HMRC, sadalira zimene mwini wake wanena. Amene amapeza pakati pa £200 ndi £800 pasabata, msonkho usanachotsedwe, amapereka 12 peresenti ngati mwana ndi mmodzi, 16 ngati ali awiri, 19 ngati ali atatu kapena kuposa. Wopeza zochepa kwambiri, kapena amene akuthandizidwa ndi boma, amapereka £7 pasabata. Zochepa ndithu. Chimene anthu amadandaula nacho kuno n'chakuti malipiro a kholo limene likukhala ndi mwana sawayang'ana n'komwe, ngakhale likhale lolemera bwanji.

Bambo a Mapasa
Apo ndiye pamene pamandipweteka ine. Ndine mmodzi wa operekawo, ndipo sindinalumphepo mwezi. Koma n'chilungamo chanji choti thumba la munthu mmodzi ndilo lizisanthulidwa? Mwana tinabereka awiri.

Nangozo
Bambo a Mapasa, dandaulo lanu ndi lomveka, ndipo n'chifukwa chake malo ambiri sagwiritsa njira imeneyo. Ku America chigawo chilichonse chili ndi mulingo wake. Ku Wisconsin amayang'ana kwambiri malipiro a woperekayo: 17 peresenti pa mwana mmodzi, 25 pa awiri, 29 pa atatu, 31 pa anayi, 34 pa asanu kapena kuposa. Koma zigawo zambiri zimaphatikiza malipiro a makolo onse awiri, n'kufunsa kuti banja lopeza chonchi likanakhala limodzi likanawononga zingati pa ana. Kenako ndalamayo amaigawa molingana ndi mphamvu za aliyense.

Ndipereke chitsanzo cha manambala ongoyerekeza. Bambo amapeza 600, mayi 400, pamodzi 1,000. Ana awiri amafunika 300 pamwezi. Bambo akubweretsa magawo 6 pa 10, ndiye gawo lawo ndi 180, la mayi ndi 120. Ana ali kwa mayi, choncho bambo amatumiza 180, pomwe 120 ya mayi siyenda ulendo, imathera m'nyumba momwemo. Anthu amaona ngati mayiyo sakupereka chifukwa palibe lisiti la ndalama yotumizidwa, koma gawo lake lawerengedwa kale. Make Tadala, ngakhale kumene muliko kulibe mulingo wolembedwa, njira imeneyi mutha kuigwiritsa ntchito pokambirana awirinu. Ndi yovuta kuitsutsa chifukwa aliyense amaona gawo lake.

Make Chisomo
Ndipo pali china chimene sichilowa m'masamuwo. Mwana akatentha thupi usiku, amadzuka ndani? Amajomba kuntchito kupita naye kuchipatala ndani? Yunifolomu amachapa ndani, kumsonkhano wa makolo amapita ndani? Ine ndinakana ntchito ya malipiro abwino chifukwa inali yausiku ndipo ana analibe wokhala nawo. Ndalama imene ndinataya pamenepo palibe anandibwezera. Choncho abambo mukamati thumba lanu lokha ndilo likusanthulidwa, kumbukirani kuti mnzanuyo akupereka nthawi yake ndi tulo take tsiku ndi tsiku.

Bambo a Mapasa
Sindikukana zimenezo mayi. Koma inenso ndikufuna kudzuka nawo usiku ana angawo, mwayi wake ndi umene sindipatsidwa mokwanira.

Achimwene a ku Britain
Masiku ogona amawerengedwa ndithu. Kuno mwana akagona kwa woperekayo masiku 52 mpaka 103 pachaka, amachotsa gawo limodzi pa magawo 7. Masiku 104 mpaka 155 amachotsa magawo awiri, 156 mpaka 174 atatu, ndipo kuyambira 175 ndalamayo imatsika ndi theka, n'kuchotsanso pang'ono. Ku Canada masamu amasintha kholo likakhala ndi mwana 40 peresenti ya nthawi kapena kuposa. Choipa chake, ndaona makolo akulimbirana masiku osati chifukwa chomufuna mwanayo koma kuti afike pa nambala yotsitsa ndalama. Mwana amazindikira zimenezo, musaganize kuti saona.

Make Tadala
Zikomo kwambiri nonse, mutu wayamba kutseguka. A Nangozo, 300 ija ya chitsanzo, ineyo yanga ndiipeza bwanji? Ndikayamba kuwerengera ndimangokumbukira fizi ndi chakudya, koma ndalama imatha osadziwa kumene yapita.

Nangozo
Tengani kope, mulembe chilichonse chimene mwagulira ana kwa miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale chaching'ono. Sopo, mafuta odzola, makope ndi zolembera, ndalama yoyendera kupita kusukulu, kumeta, mankhwala, zofunika za mtsikana akakula, data ya pafoni ngati sukulu imatumiza ntchito pa intaneti. Zinthu zobwera kamodzi pachaka, monga nsapato, yunifolomu, chikwama ndi ndalama ya mayeso, muziphatikize n'kugawa ndi 12 kuti zilowe m'mwezi uliwonse. Apa ndi pamene amayi ambiri amadzibera okha: amawerengera mwezi wopanda vuto, kenako mwezi wotsegulira sukulu n'kuwagwetsa m'ngongole.

Lendi, madzi ndi magetsi musasiye, mwana amakhala m'nyumba. Kungoti simungaike lendi yonse pa ana popeza inunso mumagona momwemo. Ku South Africa makhoti amakonda kugawa motere: wamkulu magawo awiri, mwana gawo limodzi. Inuyo ndi ana awiri ndiye magawo anayi, awiri anu, awiri a ana, kutanthauza kuti theka la lendi likuwerengedwa kwa ana. Mwana wamkulu wa kusekondale nthawi zina amamuwerengera ngati wamkulu chifukwa amadya ndi kugwiritsa ntchito zinthu ngati wamkulu. Ku Germany msinkhu anauika m'ndandanda wawo wa Düsseldorfer Tabelle, umene ulipo kuyambira 1962: zaka 0 mpaka 5, 6 mpaka 11, 12 mpaka 17, ndi 18 kupita m'tsogolo, ndipo ndalama imakwera mwana akamakula.

Malisiti muziwajambula pafoni tsiku lomwelo. Timapepala tija ta m'makina timafufutika, mudzatsegula envelopu patapita miyezi n'kupeza mapepala oyera.

Mphwanga Wamng'ono
Pepani akuluakulu, ndifunse nawo. Nanga ngati bamboyo sali pantchito yolembedwa? Mlamu wanga wakale amachita geni, ndalama amapeza ndithu, galimoto ali nayo, koma akuti akapita kukhoti akanena kuti sagwira ntchito ndipo nkhani ithera pomwepo. Achemwali anga agwa mphwayi.

Nangozo
Auzeni achemwali anu asagwe mphwayi, nkhani sithera pamenepo. Oweruza amakumana ndi mawu amenewo tsiku lililonse. Popanda pepala la malipiro amayang'ana zina: masitetimenti a kubanki, ndalama zolowa ndi kutuluka pafoni, lendi imene munthuyo amalipira, katundu amene ali naye, mmene akukhalira. Munthu sangati sapeza kanthu pomwe galimoto yake imamwa mafuta tsiku ndi tsiku. M'mayiko ambiri khoti lili ndi mphamvu yomuikira munthu malipiro oyerekeza, kutanthauza kuti likaona kuti wasiya ntchito dala kapena akubisa, limawerengera zimene akanapeza malinga ndi maphunziro ake, luso lake ndi ntchito imene ankagwira kale. Ku South Africa, pansi pa lamulo la chisamaliro lotchedwa Maintenance Act la 1998, khoti lililonse la majisitireti limamvanso milandu ya chisamaliro, ndipo kuli ofisala amene ntchito yake ndi kufufuza zimenezi. Munthu safunika loya kuti akadandaule. Achemwali anu asonkhanitse zimene angathe mwachilungamo, koma asalowe m'foni kapena mu akaunti ya munthu mobisa, zimenezo zitha kuwatembenukira.

Tate wa Anayi
Ine ndilankhuleko za mbali ina. Ndinakwatiranso ndipo m'banja latsopano muli ana awiri. Kodi amenewa si ana? Ndikatumiza zonse zimene mayi a ana oyamba akufuna, ang'onowa agona ndi njala. Nthawi zina anthu amalankhula ngati bambo aliyense wodandaula ndi wothawa udindo.

Make Chisomo
Ndi ana ndithu bambo, palibe akuwakana. Koma ana oyambawo sanafunsidwe pamene munkayamba banja lina. Inu munadziwa kuti alipo. Chimene chimandiwawa n'chakuti nthawi zambiri amene amachepetsedwa ndi amene sakuoneka m'maso tsiku ndi tsiku. Wapafupi akalira mumamumva, wakutali ngakhale nsapato itabooka simuiona.

Tate wa Anayi
Mawu amenewo ndi olemera mayi, ndawamva. Koma mundimvetsenso, thumba ndi limodzi.

Achimwene a ku Britain
Nonse awiri muli ndi mfundo, ndipo malamulo amayesa kuima pakati. Kuno asanawerengere, amayamba achotsa pa malipiro a woperekayo 11 peresenti ngati m'nyumba mwake muli mwana wina mmodzi, 14 ngati ali awiri, 16 ngati ali atatu kapena kuposa. Ndiye ana atsopano amatsitsa ndalama, koma pang'ono, sathetsa udindo. Ku Germany amasiyira woperekayo ndalama yoti adzisamalire yekha imene sikhudzidwa, chifukwa munthu akalephera kulipira lendi yake ndi kufika kuntchito, mawa lake ana onse amataya. Ku Delaware, ku America, njira yawo imayambiranso pomwepo: kholo lililonse lisungiridwe zofunika kuti likhale ndi moyo, kenako zofunika za ana, ndipo zikatsala ana alandirekonso gawo. Mfundo yomalizayi ndimaikonda. Kholo likatukuka, mwana atukuke nalo, asamangopatsidwa zongomukwanira kupuma.

Bambo a Mapasa
Funso langa lina ndi ili. Ndimatumiza ndalama, koma sindidziwa ngati ikufika pa ana. Ndipo mwezi umene ndakanizidwa kuwaona, mtima umandiuza kuti ndisatumize. Sindinachitepo, koma maganizowo amabwera.

Nangozo
Mwachita bwino kusatsatira maganizowo. Kuona mwana ndi kupereka chisamaliro ndi nkhani ziwiri zosiyana pamaso pa lamulo pafupifupi kulikonse. Mukakanizidwa kuona ana, kadandauleni za kukanizidwako, ndipo muli ndi ufulu womveka. Mukasiya kupereka, mwasanduka wolakwa ndinu, ngongole ikuunjikana, ndipo amene wagona ndi njala si amene anakukanizaniyo. N'chimodzimodzinso amayi: bambo akachedwa kutumiza, musatseke chitseko. Mwana si chikole.

Za kumene ndalama ikupita, makhoti ambiri safuna kuti kholo losunga ana lizipereka lisiti la ndalama iliyonse, chifukwa chakudya cha mwana ndi cha mayi ake chimaphikidwa mumphika umodzi. Ngati ana akuoneka osasamalidwa, imeneyo ndi nkhani yoti ifufuzidwe. Koma ngati ndi nkhawa chabe, pali njira yabwino: gwirizanani kuti fizi muzilipira nokha kusukulu, za chipatala kuchipatala, yotsalayo n'kumatumiza. Zilembedwe m'pangano kapena m'chigamulo. Zikapanda kulembedwa, njinga kapena foni imene mwamugulira mwana imatengedwa ngati mphatso, siichotsedwa pa ndalama ya mwezi. Ku Canada, m'malamulo awo a 1997, zinthu monga kolera ana masana, mankhwala okwera mtengo ndi maphunziro a kukoleji amaziika padera, makolo n'kugawana molingana ndi malipiro awo.

Agogo a Ana
Ana anga, ine ndine wamkulu pakati panu, ndalera adzukulu awiri makolo awo akukokanakokana. Mutu umodzi susenza denga. Ndikupempheni, mukamakangana za ndalamazi musatume mwana kukafunsa. Mdzukulu wanga ankauzidwa kuti kawauze bambo ako fizi yatha, akafika uko n'kuuzidwa kuti kawafunse mayi ako ija ndinatumiza anaipititsa kuti. Anafika posiya kunena ngakhale cholembera chikatha, kuopa kuyambitsa mkangano. Lankhulanani nokha akuluakulu, ngati simungathe pezani munthu woima pakati.

Make Tadala
Agogo, mawu anu andikhudza. Mwana wanga wamkulu wayamba kukhala chete masiku ano. Ndikhala naye pansi ndimutsimikizire kuti nkhaniyi si yake.

A Nangozo, ngati tagwirizana tokha popanda khoti, pangano lathu lili ndi mphamvu? Bambo awo si munthu woipa, kungoti sakonda kumangidwa ndi nambala.

Nangozo
Kugwirizana nokha ndi kwabwino koposa, n'kwachangu ndipo sikusiya mabala ambiri. Koma lembani, musainire nonse, ndipo ngati n'kotheka mupite nalo kukhoti kapena kuofesi yoona za ana kuti alisandutse chigamulo. Pangano la pakamwa limagwira ntchito masiku amene mukumvana, tsiku limene mwayambana aliyense amakumbukira zake. Likakhala chigamulo, munthu akasiya kupereka khoti litha kulamula abwana ake kuti azidula ndalamayo pamalipiro isanafike m'manja mwake.

M'panganomo mulembe chiwerengero, tsiku la mwezi lotumizira, njira yotumizira, amene azilipira fizi ndi za chipatala, ndi mmene mudzagawanire zogwa mwadzidzidzi. Muikemonso kuti chaka chilichonse muziunikanso, chifukwa mitengo imakwera ndipo ana amakula. Ngati bambo awo amapeza mosinthasintha, pali njira yowakomera nonse: ikani ndalama yapansi yosasintha, yotengedwa pa zimene amapeza pachaka chonse mutagawa ndi 12, kenako muonjezere kuti mwezi wabwino azionjezapo gawo lakuti. Potero inu mukudziwa poyambira, iwonso sakumangidwa ndi nambala imene sangaifikire mwezi wovuta. Ndalama iziyenda pabanki kapena pafoni kuti pazitsala umboni, zimateteza woperekayo kuposa wolandira.

Tate wa Anayi
Nanga ntchito ikatha?

Nangozo
Pitani msanga kumene chigamulo chinachokera mukapemphe kuti achisinthe, musadikire. Chigamulo sichitsika chokha chifukwa choti ntchito yatha, chimapitirira kuwerengera mpaka wina atachisintha. Ku America lamulo la 1986 limaletsa makhoti kufufuta ngongole ya chisamaliro imene yaunjikana kale, amangosintha kuyambira pamene munapempha. Anthu ambiri abwino amagwa m'dzenje limeneli chifukwa cha manyazi. Pakadali pano perekani chimene mungathe ndipo mumudziwitse mnzanuyo polemba. Wolandira nayenso ali ndi ufulu wopempha kuti ikwere zinthu zikasintha.

Achimwene a ku Britain
Kuno amaunikanso okha chaka chilichonse, koma pakati pa chaka sasintha pokhapokha malipiro atakwera kapena kutsika ndi 25 peresenti.

Mphwanga Wamng'ono
Ndipo zimatha mwana akafika zaka 18?

Nangozo
Si kulikonse. Ku Britain zimafika zaka 16, kapena mpaka 20 ngati mwana akadali pasukulu yosafika pa yunivesite. Ku Germany makolo amathandiza mpaka mwana atamaliza maphunziro omupatsa ntchito. Ku South Africa udindo umatha mwana akayamba kudzidalira, osati pa tsiku lobadwa, ndipo makolo onse akalephereratu agogo atha kufunsidwa. Wanu wamkuluyo Make Tadala ali pafupi, ndiye za kukoleji mukambiranetu panopa.

Bambo Olera Okha
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndi bambo, ndipo mwana wanga wamkazi ali ndi ine kuyambira ali wakhanda. Mayi ake anapita kunja kukagwira ntchito, akupeza bwino, koma satumiza kanthu. Sitinakwatirane. Anthu amandiuza kuti mwamuna sapempha chisamaliro kwa mkazi, ena akuti popeza panalibe ukwati ndilibe ponena. Sindikufuna ndalama yake ine, ndikufuna mwanayu aphunzire sukulu yabwino.

Make Chisomo
Bambo, musamvere zimenezo. Zimene ndinanena za kudzuka usiku zija ndi za inunso. Mulungu akupatseni mphamvu.

Nangozo
Ndalamayo ndi ya mwana, inu mukungoipempha m'malo mwake, ndiye palibe chochititsa manyazi. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, m'ndime 18, limati makolo onse awiri ali ndi udindo wolera mwana, ndipo ndime 27 imauza maboma kuti athandize kupeza ndalama ya chisamaliro kwa kholo, kaya lili m'dziko momwemo kapena kunja. Za ukwatizo, pangano la mayiko a mu Africa la ufulu ndi chisamaliro cha mwana la 1990 limanena mosabisa m'ndime 18 kuti mwana asamanidwe chisamaliro chifukwa choti makolo ake ndi okwatirana kapena ayi.

Kukhala kunja kumachedwetsa zinthu koma sikutseka njira. Pali pangano la ku Hague la 2007 limene mayiko a European Union, America, Britain, Brazil ndi ena analowamo, loti chigamulo cha dziko lina chizitsatidwa m'dziko linzake. Mayiko ambiri a Commonwealth alinso ndi mgwirizano wawo wakale wotumizirana zigamulo za chisamaliro. Mukapita kukhoti la kwanuko, funso loyamba likhale lakuti dziko lanu lili ndi mgwirizano wotere ndi dziko limene mayiyo ali. Mutenge setifiketi ya kubadwa ya mwana, kope la zowonongedwa lija, ndi chilichonse chosonyeza kumene mayi ake akukhala ndi kumene akugwira ntchito. Adiresi ndiyo imachedwetsa milandu yambiri yotere, ndiye yambani kuifufuza musanapite.

Bambo Olera Okha
Adiresi ya kuntchito kwake ndili nayo, ya kunyumba ndifunsa kwa achibale ake. Setifiketi ilipo. Zikomo achemwali, Lolemba ndikayamba.